Tsiku Limene Anazira Nyumba ya Silvestro

Silvestro atabwera kudzafunsira Efigénia mu Maio wa 1984, a Anselmo, amalume a mtsikanayo, sanamufunse za makolo ake kapena za mpingo. Anangoti, “Tambasulani manja.”

Mnyamatayo anatambasula. A Anselmo anagwira chikhatho chimodzi, anachitembenuza, anachidina ndi chala ngati akuyesa papaya pamsika wa ku Ulongwe. Kenaka anakweza mawu kuti amve mlongo wawo, a Marcelina, mayi ake a Efigénia, amene anakhala kuseri kwa nkhokwe poti mpongozi saonana maso ndi maso ndi wokwatira mwana wake.

“Marcelina! Munthu akufuna mwana wakoyu ali ndi manja a khanda!”

Sankaseka ayi. Masiku amenewo anthu amfuti akatsika m’mapiri, kapena akakuimitsa panjira, choyamba ankaona manja. Akakhala okhakhala ankati ndiwe mlimi, pita. Akakhala osalala ankati ndiwe mphunzitsi kapena wa boma, ndipo sunkabwerako. Pulofesolo Patrisio, mphunzitsi wa mudzi wa kutsidya, anatengedwa chifukwa cha kachidutswa ka jizi kolembera m’kalasi kamene anakaiwala m’thumba la malaya.

“Ku Italiyako mumagwira ntchito yanji kwenikweni?” anafunsa a Anselmo.

“Ndimaphunzira fizika, bambo.”

“Ndiye kuti mumakonza maradiyo?”

“Ayi.”

“Mumabaya odwala? Poti anthu akuti ndinu dotolo.”

“Udotolo sindinaumalize, ndipo ndikadzaumaliza sindidzabaya munthu. Fizika yanga ndi ya pamutu. Ndimakhala pansi, ndimaganiza, ndimalemba.”

“Mumaganiza chiyani?”

Silvestro anakhosomola. “Dzuwa limatumiza tinthu tating’ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Timadutsa m’thupi la munthu, m’phiri la Domwe, m’dziko lonse, osagunda kanthu. Akatswiri anawerengera kuti tiyenera kufika kuno tingati. Koma akatchera makina awo, pa titatu tilitonse amapezapo kamodzi. Ine ndikufunafuna kumene tinato timathera.”

A Anselmo anayang’ana pachifuwa pawo. “Ngakhale panopa tikudutsa?”

“Tikudutsa.”

“Ndipo azungu amakudyetsani chifukwa cha zimenezi?”

“Amandidyetsa.”

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka, “Mariya Woyera!”

A Anselmo sanachedwe nazo. “Ng’ombe za lobola monga mumachitira Angoni mulibe, tikudziwa, anatenga amfuti. Ndiye mutsata za kwathu. Mumanga nyumba yanu apo, mulima munda wa apongozi anu mpaka manjawo akhale a munthu. Akazi akadzazira nyumbayo mudzadziwe kuti takulandirani. Koma ichi mumvetsetse: pepala kapena lapizi yolembera m’mudzi muno ayi. Amfuti akadzapeza cholembedwa sadzaotcha nyumba yanu yokha.”

Silvestro anayang’ana kumene kunali Efigénia. Awiriwa anakondana akuphunzira pa shikola ku Fonte Boa, ndipo mtsikanayo anamudikira zaka zisanu zathunthu, anzake onse akukwatiwa.

“Ndavomera,” anatero.

* * *

Inapita miyezi itatu. Matuza a m’manja mwa Silvestro anaphulika, anapola, anaphulikanso. Nsapato za ku Italiya anazikwirira, n’kuyamba kuvala nkhwaira. Nyumba ya mdindo inaima, denga la udzu linakwera. Chachilendo chinali chimodzi: akamapita kumunda ankamanga chitseko ndi luzi, mfundo zitatu, ngati m’nyumbamo muli chuma.

Tsiku lina masana Efigénia anabwera ndi mbale ya kachewere wophika. Anapeza chitseko chili chotsegula pang’ono, ndipo anangokankha.

Mbale inatsala pang’ono kugwa.

Makoma onse anayi anali bii ndi zolemba za makala, kuyambira m’mawondo mpaka pamene dzanja limafika. Manambala, zilembo zachilendo, timivi, mizere yodulana. Silvestro anali chogwada pakona, khala kumanja.

“Tseka chitseko, Efi.”

“A Silvestro, mwapenga? Amalume anati chiyani?”

“Anati pepala ndi lapizi. Ili ndi khoma, awa ndi makala.”

“Mudzawauze amfuti zimenezo!”

“Ndinayesa kusiya, Mulungu akudziwa. Koma ndikamalima mutu suleka. Khasu likutsika, manambala akukwera. Ndikapanda kuwaika penapake ndimamva ngati ndaiwala mwana pamsika.” Anadzuka, maso ali ngwee. “Efi, ndapeza. Zaka zisanu ku Italiya ndinali ndi mabuku, meza, magetsi, koma ndinalephera. Ndazipeza pamzere wa chimanga wa amayi ako.”

“Mwapeza tinthu tanu tosowa tija?”

“Sitinasowe. Timasintha maonekedwe tikamatuluka m’dzuwa. Makina aja akudikira munthu wa jekete, pamene iye akudutsa pomwepo atavala nsanza.”

Efigénia anayang’ana malaya ake ong’ambika ndi nkhwaira. “Ngati inu.”

“Ngati ine. Ena anaganizapo kale zimenezi, koma kuonetsa ndi manambala mmene zimachitikira ndiye kunavuta. Kuyambira pachitseko apa, kuzungulira mpaka kubwerera, ndi umboni wakewo.”

“Zikomo kwambiri. Tsopano fufutani.”

“Sindingathe! Ndi mizere yoposa mazana atatu, m’mutu singakwane yonse. Amalume ako akadzandimasula ndidzapeza pepala ndikopere. Pakadali pano ndizibwereza tsiku lililonse kuona ngati sindinalakwitse.”

Efigénia anaika mbale pansi n’kuyandikira khoma. Ku Fonte Boa masisitere ankamupatsa iye ntchito yokopera nyimbo za kwaya, chifukwa dzanja lake linali labwino kuposa onse. Analoza chilembo china chimene chinali paliponse.

“Aka konga kambalame kouluka n’chiyani?”

“Ndi komweko. Kanthu kanga ka m’dzuwa.”

“Ndiye munthu wamkulu mukufuna kutiphetsa chifukwa cha kambalame.” Anayang’anabe khomalo nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akuwerenga. Kenaka anati, “Idyani, kachewere wazizira,” n’kutuluka.

* * *

Abílio anali wamalonda wa ku Domwe. Sabata iliyonse ankaoloka malire ndi matumba a kachewere panjinga kupita ku Dedza, n’kubwerako ndi sopo, mchere ndi shuga, zinthu zimene m’masitolo a kuno zinali zitasowa kalekale. Anafunsira Efigénia kawiri Silvestro ali kunja, kawiri konse anakanidwa, koma sanasiye kudutsa pamudzipo belu la njinga likulira.

Patatha masiku ochepa Silvestro ali pamwamba pa chulu m’munda anaona njinga ija itaima kunjira ya kuchitsime. Efigénia anali pafupi nayo. Abílio anatulutsa kanthu kokulunga m’nsalu, mtsikanayo anayang’ana uku ndi uku, n’kukalowetsa msanga m’chitenje.

Abílio atamaliza anapalasa dala kudzera kumundako.

“A dotolo! Khasu likuyenda? Kapena mukufunafuna tinthu tanu m’mizeremo?”

“Likuyenda, a Abílio.”

“Limbikirani. Ine za dzuwa sindizidziwa, koma mkazi wanga sadzachapa ndi phulusa.” Belu linalira, n’kumapita.

Madzulo ake Silvestro anakumana ndi Efigénia akuchokera kotola nkhuni.

“Wakupatsa chiyani Abílio?”

“Za akazi.”

“Za akazi zanji zobisa m’chitenje ngati wakuba?”

“Musandifunse, a Silvestro.”

“Ndikufunsa.”

“Inu mumamanga chitseko chanu ndi mfundo zitatu, ine ndinakuimbani mlandu?”

Patatha sabata ziwiri anaonanso zomwezo, koma ulendo uno anali Efigénia amene anapereka kanthu kokulunga, ndipo Abílio anakalandira akumwetulira mpaka mano onse panja. Silvestro sanafunsenso. Kachewere ankabwerabe, iye ankadya, ankathokoza, nkhani n’kuthera pomwepo. Anakhala choncho pafupifupi miyezi iwiri, anthu awiri akuluakulu, aliyense kudikira mnzake ayambe.

* * *

Kumapeto kwa Outubro, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kuoneka kumbali ya Malawi, a Anselmo anamuimitsa m’munda. “Manja.” Anawadina monga poyamba paja, anakanda chikhatho ndi chikhadabo. M’mawa mwake anamutenga kupita naye kudimba la kutali kukakumba ngalande, ndipo anakhala komweko tsiku lonse.

Pobwerera, dzuwa litapendeka, anamva nthungululu ali patali. Silvestro anaima.

“Kwabadwa mwana?”

A Anselmo anaseka, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni. “Pitani mukaone nyumba yanu, akamwini.”

Anali asanamutchulepo choncho. Silvestro anamwetulira, koma kumwetulirako kunangozima pakamwa. Khasu linagwa. Anathamanga ngati kumbuyo kuli moto.

Luzi la pachitseko linali litadulidwa. Pakhomo panali akazi oposa khumi, manja ali matope, akuimba ndi kuseka, ndipo atamuona anakweza nthungululu. Iye anawapyola osapereka moni.

M’nyumbamo munali fungo la dothi lonyowa. Pansi anali atazira see. Makoma atatu anali osalala, ofiirira, opanda kadontho. Khoma lachinayi linatsala kachigawo kakang’ono pafupi ndi chitseko, ndipo pomwepo panagwada a Marcelina, dothi lili kumanja. Ataona mkamwini anatembenuza nkhope, monga mwa ulemu, n’kukweza dzanja kuti amalize msanga atuluke.

Silvestro anawagwira pamkono.

“Lekani! Mwachita chiyani, mayi inu? Mwachita chiyani?”

Dothi linataika m’dzanja lawo n’kumatika pamzere womaliza uja. Silvestro anawasiya n’kuyamba kupala khoma ndi zikhadabo, apa, apo, uko. Makala anali atasungunukira m’matope. Pansi pa dothi panalibe china koma timizere totuwa. Anakhala pansi pozira kumene paja n’kulira mokweza ngati pamaliro.

Kunja nyimbo inaduka pakati. A Teodora, mng’ono wake wa Marcelina, anagwetsa mtsuko.

“Wagwira apongozi! Anthuni, wawagwira ndi dzanja!”

“Wawakalipira m’maso!”

“Ayi, izi sindinazionepo chibadwire.”

A Marcelina anatuluka atafunda nsalu kumutu. Efigénia, amene anali atapita kukatunga madzi ena, anafika n’kuima pakhomo, chidebe chili pamutu, pakamwa pali yasa.

A Anselmo anafika pomaliza, akupuma mwaphuma. Anayang’ana mlongo wawo, anayang’ana khoma lopalidwa, anayang’ana munthu wolirayo.

“Pakhomapa panali chiyani?”

Akazi onse anayang’ana pansi. Onse akanangokhala chete zikanatha. Koma Silvestro kunama sankakudziwa.

“Ntchito yanga, bambo. Makoma onse ndinalemba.”

* * *

M’mawa mwake anakhala pansi pa mtengo wa pichesi pakhomo pa a Anselmo. Kumbali ya Silvestro kunabwera nkhoswe yake, a Valentim, amene anayenda kuchokera ku Fonte Boa ndipo ankangopukusa mutu njira yonse.

A Marcelina analankhula atafulatira.

“Achimwene, ine ndinaziona nditangolowa. Mtima unangoti phwii. Ndinawauza akazi kuti aliyense atseke pakamwa, tizire msanga inu musanaone. Ndimati ndikumupulumutsa mwana wa eni ake, kwa inu ndi kwa amfuti omwe. Zikomo yake ndi iyi.” Anakweza mkono umene unagwidwa uja.

Silvestro anagwada. “Ndalakwa, amayi. Sindinadziwe chimene ndikuchita.”

“Musalankhule nawo!” anakalipa a Anselmo. “Dzulo simunakhute? Miyezi itatu mudzi wonse ukugona pafupi ndi nyumba yodzaza zolemba! Akanabwera aja, mukanawauza kuti ndi za dzuwa? A Valentim, tengani munthu wanu.”

“Pepani, a Anselmo,” anatero a Valentim. “Mwanayu anapita kwa azungu ali wamng’ono, mutu unadzaza zina. Koma taonani manjawo. Waulesi sakhala ndi manja otere.”

Efigénia anabwera chogwada mpaka pamapazi a amalume ake. “Amalume, ndinamudikira zaka zisanu. Mukamuthamangitsa, zaka zimenezo mundibwezera ndinu?”

“Iwe unkadziwa za makomawo?”

“Ndinkadziwa.”

A Anselmo anagwira kumutu.

“Chabwino. Tambala mmodzi kwa apongozi, wopepesa. Nyumbayo itsekedwa, muzigona kumphala. Mulima dzinja lonse mpaka tikolole mu Maio. Ndipo mumve, akamwini kapena ndikutcheni chiyani: phazi lanu likatuluka m’mudzi muno tisanakolole, ngakhale tsiku limodzi, musadzabwerenso. Ndikufuna ndione ngati mumatha kukhala pamalo amodzi ndi mutu womwe.”

“Ndavomera,” anatero Silvestro kachiwiri. Mawu ake anali ngati a munthu wodwala.

* * *

Masiku atatu sanadye. Tsiku lachinayi Efigénia anamupeza kudimba atakhala pamphepete pa ngalande, akulemba pamchenga ndi kamtengo. Ankalemba, kuima, kufufuta ndi phazi, kuyambanso.

“Ndikumafika pamzere wa makumi anayi,” anatero osatukula mutu. “Kuchokera pamenepo mdima. Pali njira imene ndinadutsa, sindikuikumbuka.”

“Mwalira masiku atatu,” anatero Efigénia. “Mayi anu atamwalira munalira awiri, munandilembera nokha m’kalata. Ine ndikadzafa mudzalira angati?”

“Usandiyambe, Efi.”

“Ndayamba kale. Amayi anga akubisa mkono ngati ali ndi chilonda. Akazi kuchitsime akandiona amasiya nkhani. Inu muli pano kusewera ndi mchenga.”

“Ngati zakukwana pita kwa Abílio! Ali ndi sopo. Ali ndi timphatso tokulunga m’nsalu.”

Efigénia anatula dengu pansi mwamphamvu mpaka mpiru unadumpha.

“Ohoo! Ndi zimene mwakhala mukutafuna miyezi iwiri? Mukufuna kudziwa chimene anandipatsa? Kaderno. Kaderno, buku lolembamo, ndi lapizi. Ndinamutuma akandigulire ku Dedza.”

Kamtengo kanaima.

“Masiku khumi, inu muli kumunda, ndinkamasula luzi lanu lija, ndinkalowa, ndinkakopera mpaka maso kuwawa, ndinkamanganso mfundo zanu zitatu. Simunazindikire n’komwe, katswiri wa tinthu tosaoneka! Mizere mazana atatu ndi khumi ndi iwiri. Sindinamve ngakhale umodzi, koma sindinasiye kambalame ngakhale kamodzi.”

Silvestro anadzuka, anaterereka, anakhalanso pansi, ulendo uno m’madzi a m’ngalande.

“Efi… ali kuti? Kadernoyo ali kuti?”

“Mukuganiza kuti ndikanamusunga m’mudzi muno kuti atiphetse? Ali ku Italiya. Ndinamupatsa Abílio akaponye ku positi ya ku Dedza, kwa pulofesolo wanu. Ndinalembapo dzina lanu pamwamba, ndi mawu awiri oti muli moyo.”

“Keyala unaitenga kuti?”

“Zaka zisanu ndikulemba keyala imodzimodzi ya ku univesidade kwanu, ndingaiiwale?”

“Bwanji sunandiuze?”

“Nkhope yanu siisunga chinsinsi. Amalume akanangokuyang’anani kamodzi mukanaulula. Sizinatero kodi? Ndipo tsiku lozira lija ndikanakuuzani, koma ndisanatule chidebe munali mutawagwira kale amayi.”

Silvestro anaphimba nkhope ndi manja a matope. Mapewa ankagwedera, osadziwika ngati akuseka kapena akulira.

“Ndiye kuti ndinawagwira amayi pachabe.”

“Pachabe.”

“Ndipo ndakuganizira zoipa pachabe.”

“Zimenezo ndiye mudzalipira atambala awiri. Tulukani m’madzimo, mudwala.”

Anatuluka. Anamugwira dzanja, ndipo Efigénia anamva kukhakhala kwa chikhatho chake, n’kuseka.

“Maio si kutali,” anatero Silvestro. “Ntchito yapulumuka, iwe ulipo. Ndilima mpaka amalume ako atope ndi kundiona. Palibe chimene chingandichotse pano.”

“Tidzaona,” anatero Efigénia, koma sanachotse dzanja lake.

* * *

Lamulungu lotsatira, anthu atangobwera ku mapemphero, belu la njinga linalira pakati pa mudzi. Abílio sanaime kunjira ya kuchitsime monga ankachitira. Anapalasa mpaka pa mtengo wa pichesi pamene panakhala a Anselmo ndi amuna ena, Silvestro ali chapatali pang’ono. Anapereka moni kwa aliyense ndi dzina lake, osafulumira, kudikira akazi asonkhane. Kenaka analowetsa dzanja m’malaya n’kutulutsa envulopu yopyapyala ya mizere yofiira ndi yabuluu m’mphepete, n’kuikweza m’mwamba.

“Kalata ya a dotolo. Yadzera kwa msuweni wanga ku Dedza, poti keyala yake ndiyo ndinalemba kumbuyo kwa katundu uja.”

A Anselmo anadzuka ngati alumidwa ndi chinkhanira. “Pepala? M’mudzi muno? Mwanyamula chimenechi panjira yonseyi?”

“Ine ndine mtumiki chabe, bambo. Funsani mbumba yanu. Ndi iye anandituma kaderno, ndi iyenso anandituma kukaponya.”

Maso onse anapita kwa Efigénia. A Marcelina anakhala pansi pomwe anaimapo.

“Iwenso?” anatero a Anselmo ndi mawu otsika. “Mwana wa mlongo wanga, iwenso?”

Efigénia ankayang’ana Silvestro, amene anali atang’amba kale envulopuyo. Anawerenga tsamba loyamba, nkhope inawala ngati ya mwana. Anatembenuza, ndipo kuwalako kunachoka.

“Werengani mokweza,” anatero a Anselmo. “Popeza pepala lalowa kale, timve tonse chimene tifere.”

Silvestro ananyambita milomo. “Pulofesolo akuti… akuti ankaganiza kuti ndinafa. Akuti awerenga kadernoyo katatu ndi anzawo, ndipo zikuoneka kuti n’zoona. Akufunsa kuti dzanja lokongolali ndi la yani.”

“Basi?”

“Akuti kuli anthu ena, kudziko lina, amene akufufuza zomwezi ndipo atsala pang’ono kufika. Ntchitoyi iyenera kutuluka msanga, koma pali malo awiri amene sakumveka popanda ine. Akuti ndifike lisanafike tsiku la Natale, la kubadwa kwa Ambuye. Ndikapanda kufika, ena adzatsogola, ndipo malo anga ku univesidade adzapatsa wina.” Anayang’ananso pepalalo. “Tikiti ya ndege yatumizidwa kale ku Lilongwe.”

“Matikiti angati?” anafunsa Efigénia.

Silvestro sanamuyang’ane. “Imodzi.”

A Anselmo anatembenukira kumunda, kumene mizere inali itangolandira mvula yoyamba.

“Chimanga sichinamere n’komwe,” anatero. “Mawu anga munawamva, a Valentim ndi mboni. Sindiwonjezera, sindichotsera.” Anatenga mpando wawo n’kulowa m’nyumba.

Efigénia anayenda mpaka pa njinga.

“A Abílio, munkadziwa kuti zidzatere?”

“Ine sindiwerenga tumbalame, mlongo. Koma pulofesolo akalandira kaderno wodzaza chotero, sangamusiye mwini wake azilima kachewere. Nanga mumaganiza kuti ndinanyamula katundu wa mnzangayu chifukwa chomukonda? Sitampa ndinagula ya ndege, yachangu, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anadinda.” Anatembenukira kwa Silvestro mwaulemu wonse. “A dotolo, Lachinayi ndikuoloka. Njira zopewa amfuti ndimazidziwa, ndikakusiyani pa basi ku Dedza. Za Efigénia musade nkhawa. Ine ndimadutsa pano sabata iliyonse.”

Efigénia anayang’ana dzanja lake lamanja, lija linakopera masiku khumi, ngati si lake. Kenaka anapita kukaima pamaso pa Silvestro, anthu onse akuona.

“A Silvestro, kudimba kuja munati palibe chimene chingakuchotseni pano. Pindani kalatayo, muike m’thumba, mundiyang’ane ine.”

“Efi, dikira pang’ono…”

“Pindani.”

Silvestro sanaipinde. Maso ake anali atabwerera kale pa tsamba lachiwiri, pa malo awiri osamveka aja, ndipo chala chake chokhakhala chinali chitayamba kulemba manambala pa ntchafu.